Njinga ya Buffalo pa tchuthi cha nyengo yozizira: yolimba, yolemera, yofuna kusamala pa mtsetse

Tchuthi chachikulu cha sukulu chimayamba chakumapeto kwa Julayi n'kulowa mu Ogasiti, ndipo kwa munthu wokonda kupalasa njinga palibe nyengo yoposa imeneyi. Mvula kulibe, misewu yafumbi yauma ndipo yalimba, dzuwa la masana silipsereza ngati la mu Okutobala. Chovuta ndi m'mawa wokha: ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Thyolo zala zimachita dzanzi musanapalase n'komwe makilomita awiri. Funso ndi lakuti, kodi Buffalo, njinga imene tinazolowera kuiona itasenza matumba a chimanga kapena ili ndi alangizi a zaumoyo ndi ana asukulu, ingamukwanire munthu wopalasa chifukwa chongokonda kupalasako? Ingamukwanire, koma zitengera dera limene akukhala, ndipo ayambe waimvetsa buleki yake asanaiyike pa mtsetse.

Njingayi ndi ya bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005. Mmodzi mwa amene analiyambitsa ndi F.K. Day, yemwenso ali m'gulu la anthu amene anayambitsa kampani ya zipangizo za njinga ya SRAM. Yogulitsa ndi kampani ya bungweli, Buffalo Bicycles, imene ili ndi masitolo kuno ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Kenya ndi maiko ena. Mtundu umene ukukambidwa pano ndi wakale uja wodziwika kwambiri: felemu yachitsulo, giya imodzi, matayala a mainchesi 26, buleki yoponda mapedulo chambuyo, ndi kaliyala yonyamula mpaka makilogalamu 100. Njinga yokhayo imalemera pafupifupi makilogalamu 23.

Kulemerako mumakumva tsiku loyamba, koma osati pamene ambiri amaganizira. Pa msewu wathyathyathya, monga ya m'chigwa cha Lilongwe kulowera ku Mitundu, ku Malingunde kapena ku Mchinji, njingayi ikangoyamba kuyenda imagwira liwiro lake bwinobwino, ndipo m'mabampu a msewu wafumbi siidumphadumpha ngati njinga zopepuka. Makilomita 15 kapena kuposerapo pang'ono pa ola limodzi mumawakwanitsa osatuluka thukuta lambiri, ndipo ulendo wa makilomita 40 kupita ndi kubwera ndi wabwino kwa munthu wozolowera. Kulemera kumavuta ponyamuka, pokwera chitunda, ndi pamene mukufuna kuikweza pamwamba pa minibasi kapena kuilowetsa m'nyumba ya masitepe. Ngati mumakhala ku Blantyre, kumene msewu uliwonse ndi wokwera kapena wotsika, dziwiranitu kuti mtunda wina muziyenda pansi mukukankha. Giya imodzi ilibe pothawira. M'mbali mwa nyanja vuto si zitunda koma mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Juni mpaka Ogasiti kuchokera kumwera chakum'mawa. Wochoka ku Nkhotakota kulowera ku Salima amalimbana nawo maso ndi maso, ndipo poti pa Buffalo umakhala chowongoka, chifuwa chonse chimatchinga mphepo. Nyamukani m'mamawa mphepo isanakule, ndipo yambani ulendo molimbana nayo kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhani.

Tsopano za buleki, pakuti apa ndi pamene pagona ubwino ndi kuipa kwa njingayi. Buleki yonse ili m'kati mwa habu ya kumbuyo, chitsulo cha pakati pa tayala pamene pamakumana masipoko. Mukaponda pedulo chambuyo, tizitsulo ta m'katimo timatambasuka n'kukhuzana ndi khoma la habu, tayala n'kuima. Palibe waya woti aduke, palibe labala woti athe. M'nyengo ino zimenezi n'zothandiza kwambiri. Kukagwa chiperoni ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Limbe, njinga za mabuleki a labala pa limu yachitsulo zimatenga kanthawi zisanagwire chifukwa labalayo amayamba wapukuta madzi. Buleki ya m'habu siisamala zimenezo, imagwira chimodzimodzi kunyowe kapena kuume. Zala zikachita dzanzi ndi chisanu palibenso vuto, chifukwa woimitsa ndi mwendo.

Koma buleki yamtunduwu ili ndi malire atatu amene wogula aliyense ayenera kuwadziwa, ndipo si Buffalo yokha, ndi njinga iliyonse ya buleki ya m'habu. Choyamba, imatentha. Pa mtsetse wautali, monga kutsika phiri la Zomba kuchokera ku Ku Chawe, kutsika kuchokera ku Dedza kulowera ku Golomoti, kapena ku Chiweta, mphamvu yonse yoimitsa munthu, njinga ndi katundu imasanduka kutentha m'kachitsulo kamodzi kakang'ono. Girizi wa m'katimo amasungunuka n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa habu. Zizindikiro zake ndi fungo la mafuta opserera, kulira kwa chitsulo pa chitsulo, kenako buleki kugwira modzidzimutsa kapena kufooka. Njira yake ndi kuponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, kusiya, n'kupondanso, osati kukhalira buleki pang'onopang'ono mtsetse wonse. Imani pafupipafupi ndipo yandikizani dzanja pa habu osaikhudza. Ngati ikuotcha, dikirani izizire yokha. Musaithire madzi, chifukwa ikamazizira mwadzidzidzi madziwo amatha kulowa m'kati n'kusakanikirana ndi girizi.

Chachiwiri, tcheni ikachoka kapena kuduka, buleki yapita nayo. Ichi ndiye choopsa kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake pogula muzifunsa ngati ingaikidwe buleki ya kutsogolo yogwira ndi dzanja, makamaka ngati kwanu kuli zitunda. Chachitatu n'chaching'ono koma chimagwetsa anthu ozolowera njinga za kaunjika: mapedulo simungawazungulitse chambuyo kuti muwakonze poti muponde bwino. Buleki imagwira mwamphamvu mapedulo akakhala mopingasa, lina kutsogolo lina kumbuyo. Akakhala lina pamwamba lina pansi, mwendo umasowa mphamvu. Zolowerani kutsetsereka mapedulo ali mopingasa, ndipo yesererani pabwalo musanalowe m'msewu wa magalimoto.

Popeza moyo wanu uli pa tcheni, iyi ndiye yofunika kuiona sabata iliyonse. Ikanikizeni ndi chala pakati, pakatikati pa giya ya kumapedulo ndi ya kutayala la kumbuyo. Iyenera kusuntha pafupifupi sentimita imodzi m'mwamba ndi pansi. Ikapyola apo ndi yolendewera ndipo idzachoka pa bampu. Ikakhala yosasuntha n'komwe ndi yothina, idzadya mabelingi ndi kulemeretsa kupalasa. Zungulitsani mapedulo n'kuyesa pa malo atatu kapena anayi, chifukwa nthawi zambiri pamakhala pena pothina kuposa pena, ndipo muyeso wake mutengere pothinapo. Pokonza, masulani manati awiri a ekiselo ndi sipanala ya 15, masulaninso pang'ono kabawuti kogwirizira kamkono ka buleki ku felemu kumanzere, kokerani tayala kumbuyo, onetsetsani kuti lili pakati penipeni, kenaka mangani manati onse. Kabawuti ka kamkono kaja musakaiwale. Kakamasuka, mukaponda buleki kamkonoko kamazungulira limodzi ndi tayala, buleki imagwira mochedwa ndi phokoso lakuti khu, ndipo m'kati mwa habu mumawonongeka.

Kutha kwa tcheni kumayezedwa ndi lula wamba. Pa tcheni yatsopano, kuchokera pakati pa kamsomali kamodzi kufika pa kena pamtunda wa mainchesi 12 zimagwirizana ndendende ndi mzere wa pa lula. Kamsomali kakapyola mzerewo ndi mamilimita atatu, tcheni yatha, gulani ina isanadye mano a magiya.

Mdani wamkulu wa tcheni m'miyezi imeneyi ndi fumbi likakumana ndi mafuta. Ambiri amathira oyilo wakuda wochotsedwa mu injini ya galimoto chifukwa ndi waulere. Oyilo ameneyu amakhala ndi tizitsulo kale, amamata fumbi lonse la katondo, ndipo zikasakanikirana zimapala tcheni ngati mchenga pa mphika. Mafuta ophikira nawo amauma n'kukhala ulimbo. Chitani chonchi: pukutani tcheni ndi kansanza konyowetsa ndi palafini mpaka kuda kuchepe, isiyeni iume, ikani kadontho kamodzi ka oyilo woyera pa mfundo iliyonse, zungulitsani mapedulo kangapo, kenaka pukutani oyilo yense wakunja ndi kansanza kouma. Ofunika ndi amene walowa m'kati. Mukayenda m'chiperoni, pukutani tcheni tsiku lomwelo, apo ayi m'mawa mupeza dzimbiri. Ndipo njingayi musakaitsukitse ndi paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto. Madzi amalowa m'mahabu n'kukankha girizi. Ndowa, sopo ndi kansanza n'zokwanira.

Habu ya kumbuyo imafuna kutsegulidwa, kutsukidwa ndi kuikidwa girizi watsopano kamodzi pa chaka, kapena msanga ngati inatenthapo kwambiri. Girizi wake akhale wopirira kutentha, ngati amene amaika m'mabelingi a matayala a galimoto. Apa musamangopita kwa wokonza njinga aliyense wa pansi pa mtengo. Ambiri ndi akatswiri pa Hunter ndi Humber, koma habu iyi ili ndi tizigawo timene tikabwezeredwa mosemphana buleki siigwira. Funsani amene anaphunzira kukonza Buffalo, kapena pitani ku sitolo yawo.

Matayala ndi malimu ndi mbali imene njingayi imaposa zinzake poyera. Masipoko ake ndi onenepa, ndipo limu siipindika msanga ngakhale mutanyamula munthu kumbuyo m'msewu wa maenje. Matayala ake ndi okhuthala, minga ya m'tinjira ta kumunda siilowa wamba. Komabe mwezi woyamba pitani nayo akaione masipoko, chifukwa pa njinga yatsopano iliyonse amayamba akhazikika ndipo ena amamasuka. Gwirani awiriawiri n'kufinya. Ngati pali ina yofewa kusiyana ndi zinzake, imangitseni isanadule zoyandikana nazo. Mpweya popani molingana ndi manambala olembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo yesani m'mawa musananyamuke chifukwa kukazizira mpweya umatsikako pang'ono. Tayala lofewa likagunda mwala limatsina chubu n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo totero, musafunefune munga, vuto ndi mpweya wochepa. Pogula chubu kapena tayala losinthira, werengani manambala onse. Za mainchesi 28 za njinga zakale zija sizilowa, ndipo ngakhale za 26 zilipo zamitundu yosiyana: yolembedwa 559 ndi yolembedwa 590 sizilowana. Koperani manambala a pa tayala lanu papepala mupite nawo.

Chishalo n'chachikulu, chabwino pa ulendo wa ola limodzi kapena awiri. Kupitirira apo ena chimawakhula m'ntchafu, ndipo kusintha n'kosavuta. Cholakwika chofala ndi kuchisiya pansi kwambiri, zimene zimapweteketsa mawondo makamaka pa njinga ya giya imodzi. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo lili pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Pokweza musapyole mzere wolembedwa pa chitsulo cha chishalo. Sitandi yake ndi yolimba ndipo imaimika njinga mowongoka, moti mutha kumanga katundu kapena kupukuta tcheni popanda wokugwirirani. Kaliyala ndiye musakambe: hema, bulangete, kambaula, chigubu cha madzi cha malita asanu, zonse zimakwana, ndipo wofuna kukagona usiku umodzi kunja kwa tauni sangadandaule. Katundu wolemera mumuike pansi ndi kufupi ndi chishalo, chifukwa akalendewera kumbuyo tayala la kutsogolo limapepuka ndipo handulo imagwedezeka.

Nyali muyenera kugula panokha, yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo pa M1 kukada madalaivala a malole sakuonani. Chovala chonyezimira chija chimene a kabaza amavala n'chotchipa ndipo chimagwira ntchito. Za kuzizira, zovala ziwiri zopyapyala zimaposa chijasi chimodzi chokhuthala, chifukwa ikamakwana 9 koloko mudzafuna kuvula chimodzi. Magolovesi a ubweya a pa kaunjika ndi okwanira.

Mu 2024 a World Bicycle Relief anatulutsa mtundu wina, Buffalo Utility S2, wa matcheni awiri ndi magiya awiri, lina lopepuka la pa chitunda. Posintha giya mumaponda mapedulo chambuyo, ndipo mabuleki ake ndi ogwira ndi manja. Kwa wokhala ku Zomba, ku Blantyre, ku Ntcheu kapena ku Rumphi, ndi umenewu woyenera kuufunsa poyamba, chifukwa ukuyankha mavuto awiri aakulu a mtundu wakale: chitunda, ndi buleki yodalira tcheni.

Mtengo wa Buffalo ndi wokwera kuposa njinga zatsopano zotchipa za m'masitolo a m'tauni, ndipo ndalama yomweyo ingakugulireni njinga ya magiya ambiri pa kaunjika. Ngati cholinga chanu ndi kuthamanga ndi anzanu Loweruka m'mawa, kukwera mapiri, kapena kudutsa makilomita 100 pa tsiku, gulani ya kaunjikayo, koma yang'anitsitsani mano a magiya ndi ming'alu pa felemu, ndipo konzekani kusakasaka zipangizo zake. Ngati mukufuna njinga imodzi yopita nayo kumsika, kuchigayo ndi kokacheza, n'kumayenderanso midzi pa tchuthi popanda kuganiza za mawaya ndi magiya, Buffalo ndi yoyenera ndalama yake. Musanalipire, ikwereni pomwepo. Yesani buleki kangapo mukuthamanga pang'ono, nyamulani tayala lililonse n'kulizungulitsa muone ngati likuyenda mowongoka, gwedezani handulo mumve ngati pali pokhwepa, ndipo lembetsani nambala ya felemu pa lisiti.