Amazon KDP: buku limakweza dzina, koma ndalama musaziyembekezere kwa Amazon

Anthu ambiri akhala akundifunsa za Kindle Direct Publishing, KDP ija ya Amazon yomwe wolemba amatulutsirapo yekha buku nkuligulitsa pa intaneti, chifukwa ndinatulutsira kumeneko kabuku kanga kophunzitsa eni mabizinesi ang'onoang'ono kusunga mabuku a ndalama ndi kukonzekera misonkho ya MRA. Ine ntchito yanga ndi ya akaunti, sindine wolemba nthano ayi, ndiye ndikuwunika KDP ngati munthu amene amafuna buku limuthandize pa ntchito yake.

Chabwino chachikulu, kulowa ndi kwaulere. Mumatsegula akaunti, kukweza fayilo ya buku lanu, kuika chikuto, kulemba mtengo, basi, iwo amaliona kaye kwa masiku osapitirira atatu nthawi zambiri kenako likupezeka pa Amazon, la pa foni komanso la pepala. La pepalalo salisindikiza milumilu, amasindikiza limodzi munthu akagula, ndiye simukhala ndi makatoni a mabuku akudya fumbi kuchipinda mutawononga ndalama zanu zonse kwa osindikiza. Kwa munthu amene akungoyamba kumene zimenezi ndi mpumulo weniweni. ISBN, nambala yozindikiritsa buku, amapereka yaulere pa buku la pepala ngakhale imagwira ntchito kwa iwo okha, ndipo wolemba angathe kuitanitsa makope ake pa mtengo wosindikizira wokha.

Tsopano za ndalama, apa ndiye mvetserani bwino anzanga chifukwa ambiri amangomva zoti 70% nkuyamba kuwerengera galimoto. Buku la pa foni limakupatsani 70% pokhapokha mtengo wake uli pakati pa $2.99 ndi $9.99 komanso wogulayo ali m'maiko omwe Amazon inawaika pa mndandanda wake monga America ndi Britain, kupanda apo ndi 35%. La pepala mumalandira mpaka 60% koma amachotsapo kaye mtengo wosindikizira. Ndiyeno pali msonkho wa boma la America, 30% pa zogulitsidwa kumeneko, poti Malawi alibe pangano la misonkho ndi America, fomu yake mumaidzaza pa intaneti pomwepo potsegula akaunti. Ndalama zimabwera patatha masiku pafupifupi 60 mwezi womwe mwagulitsawo ukatha, ndipo olemba ambiri a kuno ku Africa amalandirira kudzera ku Payoneer, kampani yolandirira ndalama zochokera kunja pa intaneti. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti buku la ntchito ngati langali, lomwe owerenga ake ali ku Limbe, ku Area 25 ndi ku Mzuzu, silingakudyetseni ndi malonda a pa Amazon.

Nanga phindu lili pati? Lili pa zomwe bukulo limachita likakhala m'manja mwa munthu. Kale ndikapita kukapempha ntchito yophunzitsa magulu a amayi a banki m'khonde kapena eni mashopu, ndimayamba ndi kufotokoza sukulu zomwe ndinapita, anthu nkumangogwedeza mitu. Panopa ndimangoika buku patebulo, wina amalitsegula, nkupeza mutu wonena za kusiyanitsa ndalama ya bizinesi ndi ndalama ya pakhomo, nkuyamba kufunsa mafunso omwe akumuvuta iyeyo, ndipo kukambirana kumayambira pamenepo osati pa satifiketi. Mabungwe akamafuna wophunzitsa amakusakani dzina pa Google, akapeza tsamba la buku lanu pa Amazon amaona kuti munthuyu nkhaniyi anaikhalira pansi. Ine makasitomala ena anabwera chifukwa mnzawo anawabwereka bukulo, sanaligule nkomwe, koma ntchito yomwe anandipatsa inaposa kutalitali ndalama ya makope ambirimbiri. Palinso china chomwe anthu sachitchula, kulemba kumakukakamiza kuti zomwe umadziwa uziyale bwinobwino, moti wekishopu yanga tsopano imatsata mitu ya m'bukumo ndipo sindikonzekera kuyambira pachiyambi ulendo uliwonse.

Pomwe KDP siyingakuthandizeni ndi pofikira owerenga a kuno. Mabuku a pepala amasindikizidwa kunja, kuwabweretsa ku Lilongwe mtengo wotumizira umatha kuposa wa bukulo, ndiye ndi vuto la madola lomwe tili naloli, komanso kwacha itagwa ndi 44% mu 2023, ndani mwini grosale angagule buku pa Amazon ndi khadi la ku banki? Anthu athu amalipira pa Airtel Money ndi Mpamba. Choncho ine ndimalangiza kuti KDP ikhale ya dzina ndi abale athu a ku Johannesburg ndi ku UK, koma makope ogulitsa pa misonkhano musindikize konkuno, mukatenge ISBN yanuyanu, mupereke kope ku National Archives ku Zomba monga lamulo limanenera, ndipo mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso. Chenjeraninso ndi KDP Select, pulogalamu ina ya KDP yomwe mumasankha nokha kulowamo, mukalowamo buku la pa foni simuloledwa kuligulitsa kwina kulikonse kwa masiku 90, ngakhale PDF ya pa WhatsApp, pomwe kuno njira imeneyo ndi yomwe imayenda.

Komanso dziwani kuti a Amazon sakukonzerani buku, zolakwika zomwe mwakweza ndi zomwe zituluke. Lipirani munthu wodziwa chilankhulo aliwerenge, lipiraninso wojambula chikuto, chifukwa buku la akaunti lokhala ndi masamu olakwika lingakugwetseni dzina kuposa kusalemba nkomwe.

Kwa loya, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena aliyense amene amagulitsa luso lake, ndikuipatsa KDP nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kutalika kwake ndi wogula wa kuno.