Sowo ya batire pamunda pathu: ndemanga patatha chaka chimodzi

Ndinagula sowo ya tcheni yodulira mitengo, yoyendera mabatire, chaka chatha titangomaliza kukolola, ndipo ndaigwiritsa ntchito nyengo zonse za pachaka pamunda wathu ku Mchinji, pomwe timalima chimanga, mtedza ndi fodya wa bale, komanso tili ndi kamunda ka bulugamu ndi malayina. Ndikulemba ndemangayi chifukwa alimi anzanga angapo akhala akundifunsa ngati makinawa angalowedi m'malo mwa sowo ya petulo. Yankho langa ndi lakuti angathe pa ntchito zambiri za pamunda, koma munthu amene akufuna kugula aganizire kwambiri za mabatire kuposa sowo yeniyeniyo.

Yomwe ndinasankha imayendera mabatire awiri a 18V nthawi imodzi, kutanthauza 36V, ndipo chitsulo choyendapo tcheni ndi chotalika masentimita 35. Chimene chinandikankhira kumeneko ndi kusowa kwa mafuta komwe kwakhala kukuvuta m'dziko muno kuyambira 2022. Sowo yanga yakale inkafuna petulo wosakaniza ndi oyilo pa muyezo wa 50 kwa 1, ndipo kangapo ndinataya tsiku lonse ndili pamzere ndi chigubu, ntchito itaima kumunda. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndiye ankatseka kabuleta, moti m'mawa uliwonse ndinkayamba ndalimbana ndi chingwe cholizira injini ndisanadule mtengo ngakhale umodzi. Yatsopanoyi ndimangolowetsa mabatire, kudina batani n'kuyamba ntchito, ndipo ndikasiya kucheka imakhala chete, osadya mphamvu pachabe.

Ntchito yoyamba inali yodula nsichi ndi mapaso okonzera chigafa cha fodya ndi khola la mbuzi. Pa bulugamu wamuwisi wonenepa ngati ntchafu ya munthu, sowoyi imalowa bwino kwambiri ndipo sindinaone kusiyana ndi ya petulo ija. Inandithandizanso potengulira mango ndi mapeyala, komanso pochotsa mtengo wa kesha womwe mphepo ya mu Januwale inagwetsera pa njira ya ngolo. Phokoso lake ndi lochepa, kotero kuti ndimatha kumva mnzanga wogwira chingwe akamandichenjeza komwe mtengo ukupendekera, ndipo ng'ombe sizibalalika ndikamagwira ntchito pafupi ndi khola. Palibenso utsi umene unkandipweteketsa mutu.

Pa mabatire ndi pamene pagona nkhani. Batire lililonse la 18V ndi 5Ah limasunga mphamvu yokwana 90Wh, ndiye awiriwo ndi 180Wh basi. Kwa ine mphamvu imeneyi imatha pasanakwane theka la ola ndikamacheka mosalekeza, ndipo imatha msanga kuposa pamenepo mtengo ukakhala wouma ndi wolimba. Wogulitsa sanandiuze zimenezi momveka, ndipo sabata yoyamba ndinkabwerera kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, ntchito ili pakati. Ndinakakamizika kugula mabatire ena awiri, omwe mtengo wake unatsala pang'ono kufanana ndi wa sowo yopanda mabatire. Amene akuyerekeza mitengo m'sitolo afunse kaye ngati mtengo wolembedwawo ukuphatikiza mabatire ndi tchaja, chifukwa masowo ambiri amagulitsidwa opanda zimenezi. Adziwenso kuti makampani monga Makita, Stihl ndi Husqvarna ali ndi mabatire awoawo omwe salowa m'makina a kampani ina, choncho ndi nzeru kusankha mtundu womwe mabatire ake angagwirenso ntchito pa makina ena amene muli nawo kale, monga choboolera kapena chotchetchera udzu.

Kutchaja kumatenga pafupifupi ola limodzi magetsi akakhalapo. Kwathu amazimazima, ndiye ndimadalira sola yomwe tinaika yopopera madzi ndi kuunikira m'nyumba, ndipo ndimatchaja masana dzuwa likamaswa mtengo. Kasola kakang'ono kotchajira foni sikangakwanitse ntchito imeneyi. Pamafunika inveta yamphamvu ndithu, chipangizo chosandutsa magetsi a sola kuti akhale ngati a m'nyumba. Mu Okutobala ndinaphunziranso kuti batire likatentha, tchaja imakana kuyamba mpaka litazizira, choncho tsopano ndimawasunga pamthunzi m'thumba, osati pangolo padzuwa monga ndinkachitira poyamba.

Pali chinthu china chomwe anthu ambiri amalakwitsa, ndipo inenso ndinatsala pang'ono kugwa nacho. Kusafuna petulo sikutanthauza kusafuna oyilo. Tcheni chimafunabe oyilo wake nthawi zonse, ndipo kathanki kake kamafunika kukayang'ana nthawi iliyonse posintha mabatire. Mnyamata amene amandithandiza anafuna kuthiramo oyilo wakuda wotsala mu injini ya chigayo, koma ndinamuletsa chifukwa oyilo wotere amakhala ndi tizitsulo tomwe timatseka kabowo kotulukira ndi kudya chitsulo choyendapo tcheni. Ndinaonanso kuti sowoyi imadontha oyilo pang'ono ikakhala m'nkhokwe masiku angapo, ndiye ndimaiyalira katoni pansi. Si vuto lalikulu, koma limanyansa.

Kuthwa kwa tcheni kumaoneka msanga pa sowo ya batire kusiyana ndi ya petulo, chifukwa tcheni chobuntha chimamaliza mphamvu mofulumira. Mdani wamkulu kuno ndi dothi limene chiswe chimamata pa makungwa a mitengo youma: kungocheka kawiri kapena katatu pamalo otere, mano amabunthiratu ndipo m'malo mwa tizipalipali sowo imatulutsa fumbi ngati ufa. Tsopano ndimayamba ndapala dothilo ndi chikwanje, ndipo m'thumba ndimayenda ndi tupa yozungulira ya muyezo wa tchenicho. Tcheni china chosinthira ndinachipeza ku Lilongwe nditafufuza m'masitolo angapo, moti ndikulangiza kugula ziwiri tsiku lomwelo logula sowo.

Kumene makinawa amalephera ndi pa mitengo ikuluikulu. Ndinayesa kuwaza chipika chachikulu cha bulugamu kuti ndipeze matabwa a chitseko cha khola, koma injini inkangozima yokha podziteteza ku kutentha, ndipo mabatire onse anayi anatha thabwa lachiwiri lisanatuluke. Ntchito imeneyo ndinaipereka kwa ocheka matabwa. Mitengo yachilengedwe monga mlombwa ndi mbawa sindinaiyese n'komwe, popeza kudula kwake kumafuna chilolezo cha a Zankhalango, ndipo ine ndimadula yokhayo yomwe tinabzala tokha.

Kuchepa kwa phokoso kuli ndi ngozi yake, chifukwa kumachititsa anthu kuiona ngati choseweretsa. Tcheni chake chimadula mwendo mofanana ndi cha sowo ya petulo, ndipo nsonga ikagunda nthambi sowo imadumphira kumaso. Buleki ya tcheni inandipulumutsa kamodzi pa mtengo wa mango. Ndimavala magalasi, magulovu ndi nsapato zolimba, ndipo ndikamaliza ntchito ndimachotsa mabatire n'kuwatsekera m'nyumba kuti ana asaiyatse.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtengo wa mabatire. Kwa mlimi amene ntchito yake ndi nsichi, mapaso, nkhuni ndi kutengulira mitengo ya zipatso, ndipo ali ndi potchajira podalirika, ndi makina oyenera kugula, koma agule ndi mabatire anayi kuyambira pachiyambi. Amene amacheka matabwa kapena kugwetsa mitengo tsiku lonse kutali ndi magetsi akhalebe ndi ya petulo.