Mint, Ubuntu, Debian kapena Fedora: tiike iti pa laputopu yakaunjika?

Alamu anga anabwera ndi laputopu yawo Loweruka lina, ataikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala malungo. Ndi zija zakaunjika, yakuda, yolemera ngati njerwa: Core i5 ya m'badwo wachinayi, RAM ya 4GB, ndi hadi disiki yozungulira ija imamveka kukukuta ukayandikitsa khutu. Palibe chothyoka, mabatani onse alipo, batire imakwanitsa ola ndi theka. Koma anali atamva kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 sikanalowamo chifukwa imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel yoyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu.

"Ndiye nditaye, alamu?"

Ndinati ayi, khalani pansi timwe kaye tiyi. M'thumba mwanga mumakhala fulashi ya 32GB yomwe ndinaikamo Ventoy, kapulogalamu kamene kamalola kuti uponye ma ISO angapo, mafayilo oikira dongosolo loyendetsa kompyuta, pa fulashi imodzi n'kumasankha woyatsira. Tsiku limenelo munali anayi: Ubuntu, Linux Mint, Debian ndi Fedora.

Onsewa injini yawo ndi imodzi, Linux, ija anayamba kulemba Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki mu 1991. Kusiyana kuli pa bodi, pa mipando ndi pa kondakitala. Atatu mwa iwo ndi a mtundu umodzi: Debian ndiye gogo, Ubuntu ndi mwana, Mint ndi mdzukulu. Fedora ndi wa kumudzi kwina. Anzathu akunja akamakangana za awa amakamba za maonekedwe ndi za ufulu wa mapulogalamu. Ife kuno timayamba ndi mafunso ena: idya bandulo yochuluka bwanji, iyenda pa RAM yochepa, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito idzukanso?

Ndiyambe ndi Ubuntu, poti ambiri tinalowera khomo limeneli. Mwini wake ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, amene anakhazikitsa kampani ya Canonical n'kutulutsa Ubuntu yoyamba mu Okutobala 2004. Dzinalo si lachilendo m'makutu mwathu, ndi umunthu womwewu m'chilankhulo cha anansi athu akumwera. Akale m'gululi akukumbukira kuti ankatumiza ma CD aulere papositi kulikonse padziko mpaka 2011, ndipo ambiri a ife Linux tinaidziwira pa ka CD kobwereka kotero. Manambala ake ndi osavuta kuwerenga: 24.04 ndi ya Epulo 2024. Zaka ziwiri zilizonse mu Epulo kumatuluka ya LTS, yosamalidwa zaka zisanu, ndipo ukalembetsa Ubuntu Pro zimafika khumi, kwaulere pa makina osaposa asanu.

Mphamvu ya Ubuntu ndi kuchuluka kwa anthu ake. Uthenga uliwonse wa vuto umene ungaone pa sikirini, ukaukopera mu Google upeza kuti wina unamuvutapo kale ndipo anayankhidwa. Ngati mukuphunzira za maseva kapena mukufuna ntchito ya IT, malangizo ambiri amalembedwa poganizira Ubuntu. Apo sindingatsutse.

Koma taonani katundu wake. ISO ya 24.04 ndi pafupifupi 6GB, kutanthauza kuti bandulo ya ena ya mwezi wathunthu yapita musanayambe n'komwe. GNOME, nkhope imene Ubuntu imavala, ndi yokongola koma pa RAM ya 4GB imapuma movutikira mukatsegula matabu angapo. Kenako pali snap, imene yayambanitsa anthu ambiri. Snap ndi njira yolongedzera pulogalamu pamodzi ndi zonse zimene imafuna, ngati mlendo wobwera ndi mphika, nkhuni ndi mbaula yake. Ubwino wake ndi woti pulogalamu siikangana ndi zinzake. Kuipa kwake, mafayilo amakula, zakale zimasungidwabe pa disiki, ndipo snap imadzifufuzira zatsopano kanayi pa tsiku n'kuzitsitsa osakufunsani. Kuyambira pa 21.10 ngakhale Firefox imabwera chonchi. Mankhwala alipo: muuze kompyuta kuti intaneti yanu ndi yolipira pa megabaiti, kenako mulembe `sudo snap set system refresh.metered=hold`. Zimatheka ndithu. Kungoti munthu watsopano sadziwa kuti pali mpopi wotere woti atseke, amangoona madzi atha m'ndowa.

Linux Mint inayambitsidwa ndi Clément Lefebvre mu 2006, ndipo nzeru yake ndi yosavuta kufotokoza: kutenga Ubuntu ya LTS, kuchotsa zokhumudwitsa, n'kuivalika zovala zimene munthu wochokera ku Windows azizindikire. Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. ISO yake ndi pafupifupi 3GB, theka la ya mayi ake. Menyu ili pansi kumanzere, wotchi kumanja, mafoda pamalo pake. Alamu nditawayatsira pa fulashi osaika chilichonse, sanandifunse funso. Anangopita pakona paja, natsegula Firefox, nayamba kufuna Facebook. Umenewo ndiye mayeso amene ine ndimakhulupirira kuposa ma grafu onse.

Pali tinthu ting'onoting'ono ta Mint timene timaoneka kuti anatilemba anthu oti anakhalapo pafupi ndi munthu wosadziwa kompyuta. Zatsopano zikatuluka, kachishango kali pakona kamangosintha mtundu n'kudikira, ndipo mumatsitsa tsiku limene mwapeza WiFi yaulere. Poika pali bokosi limodzi loti muchonge kuti nyimbo ndi makanema zizisewera. Ngati WiFi ya laputopu ili ya Broadcom, zija zimakana kudzuka poyamba, Driver Manager imatha kutenga dalaivala pa fulashi yomwe mwaikira ija, popanda intaneti. Ndipo pali Timeshift, imene imajambula mmene dongosolo lonse lilili lero kuti mukaononga mawa mubwerere pomwepo. Snap anaitsekera pakhomo kuyambira pa Mint 20 mu 2020.

Ndisakunamizeni kuti ilibe chilema. M'malo mwa snap, Mint imatsegulira Flatpak, ndipo nayo ndi mlendo wa katundu wambiri: kapulogalamu kakang'ono koyamba kangakoke mamegabaiti mazanamazana a zinthu zokathandizira. Mu Software Manager muziyang'ana kaye ngati pulogalamuyo ilipo ya mtundu wamba, ndipo muziwerenga kukula kwake musanadine. Gulu lopanga Mint ndi laling'ono, limadalira kwambiri zopereka za anthu, komanso likudya m'mbale ya Ubuntu. Iwo eni amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amasunga LMDE, Mint yomangidwa pa Debian, ngati khasu lapadera loti likathyoka linalo asagone ndi njala. Mu Febuluwale 2016 akuba analowa pa webusaiti yawo n'kuloza anthu ku ISO yoipitsidwa. Anakonza msanga, koma phunziro lake likhudza tonse amene timapatsirana ma ISO pa fulashi ngati mbewu ya chinangwa: muziyerekeza nambala ya SHA256, imene ili ngati chidindo cha fayiloyo, ndi imene ili pa webusaiti ya eni ake.

Mint imabwera ndi nkhope zamitundu itatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce. Pa 8GB tengani Cinnamon. Pa 4GB ine ndimaika Xfce, yosanyada koma yopepuka.

Tsopano gogo. Debian anaiyamba Ian Murdock mu 1993, ndipo mpaka lero ilibe kampani pamwamba pake. Ndi anthu ongodzipereka, amene amasankha mtsogoleri wawo chaka ndi chaka ndipo nkhani zikuluzikulu amaziponyera voti. Imatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse: Debian 12 mu Juni 2023, Debian 13 mu Ogasiti 2025. Ikatuluka imauma pomwepo. Mapulogalamu sasintha, kumangobwera zigamba za chitetezo ndi zokonza zochepa. Achinyamata amati ndi yachikale, koma kwa munthu wa bandulo chikale chimenechi ndi chuma. Mwa anayiwa, Debian ndiyo imene ingathe mwezi osakupemphani zambiri. Kompyuta ya pa ofesi ya mpingo, ya kalaliki wa kopaletivu, kapena ija yosungira mafayilo pakona imene simufuna kuiganizira, imeneyo ndi ya Debian.

Kale vuto lake lalikulu linali WiFi. Chifukwa cha mfundo zawo za ufulu, sankaika mu ISO timapulogalamu totseka ta opanga zipangizo, ndiye umamaliza kuika n'kupeza kuti ulibe netiweki yoti utsitsire chokonzera netiweki. Anavota mu 2022 ndipo kuyambira pa Debian 12 zimenezi zinatha. Misampha iwiri idakalipo. Woyamba ndi ISO yaing'ono yotchedwa netinst, yosafika 1GB. Imakopa maso, koma zotsalazo imakatenga pa intaneti poika, choncho simunapulumutse kanthu. Ngati mukuikira anthu angapo, tsitsani yaikulu kamodzi. Wachiwiri ndi uwu: ikakufunsani pasiwedi ya root, akaunti yolamulira kompyuta yonse, inu n'kulemba, dzina lanu silipatsidwa mphamvu ya sudo, yoikira ndi kusinthira zinthu, ndipo mudzadabwa kompyuta yanu yomwe ikukukanizani. Siyani malowo opanda kanthu. Amene muli ndi makina akalekale a 32-bit dziwaninso kuti Debian 13 inasiya kutulutsa choikira chake, pomwe Ubuntu ndi Mint anasiya kalekale.

Za Fedora sindichulutsa. Imathandizidwa ndi kampani ya Red Hat, imene IBM inagula mu 2019. Imatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndipo iliyonse imasamalidwa pafupifupi miyezi 13, kutanthauza kusamuka chaka chilichonse. Ndi yaukhondo, zatsopano zimayambira kumeneko, ndipo pa laputopu yongotuluka kumene imazindikira zipangizo zimene Debian sanazimvepo. Koma zotsitsa zimabwera ngati mvula ya Januwale, ndipo makanema ena safuna kusewera mpaka mutawonjezera RPM Fusion, nkhokwe yapadera ya mapulogalamu. Ngati kuntchito kwanu kuli WiFi yosawerengera, sangalalani nayo. Alamu anga ayi. Ogwiritsa Arch Linux, mtundu wina wovuta kuika, ndikuwaona akukweza dzanja kumbuyoko. Tikudziwa kuti munaika nokha, mwatiuza kale katatu.

Pa nkhani ya magetsi ndili ndi chipsera changa. Ndinali kukweza dongosolo (kuika zatsopano) pa kompyuta yapadesiki, yopanda UPS, batire yothandiza magetsi akathima, zinthu zili pakati kulowa, magetsi phethi. Atabwera usiku, makina anayaka koma chilichonse chofuna kuika chinkakana. Ndinatuluka thukuta poganiza kuti ndifomata. Chinandipulumutsa ndi mzere umodzi, `sudo dpkg --configure -a`, wotsatidwa ndi `sudo apt -f install`, umene umamalizitsa zimene zinasiyidwa panjira. Umagwira pa Debian, Ubuntu ndi Mint mofanana, ndipo ichi ndi chifukwa china chokhalira m'banja limeneli: chimene waphunzira kwa gogo chimagwira kwa mdzukulu. Kuyambira tsiku limenelo sindikweza dongosolo pa makina opanda batire nthawi imene magetsi akuyendera ndandanda.

Zina n'zofanana konse, ndipo kusintha Linux sikungazithetse. Microsoft Office ndi Photoshop kulibe. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel bwinobwino, koma kalata yokhala ndi matebulo ambiri imatha kusuntha mizere. Nthawi zambiri vuto ndi zilembo: ikani Carlito ndi Caladea, zimene zimalowa m'malo mwa Calibri ndi Cambria mulingo wake ndendende, ndipo CV muzitumiza ngati PDF. Amene ntchito yanu yagona pa pulogalamu ya Windows yokha, monga ya maakaunti imene abwana anagula, musadzivute, siyani Windows pambali pake. Purinta yesani mukadali pa fulashi. Ndipo kwa ife olemba Chichewa pali kamphatso: mukasankha batani la Compose, kudina Compose, kenako ^, kenako w, kumatulutsa ŵ, moti Malaŵi mulemba osakakopera chilembo kwina.

Chinthu chimodzi chimaposa mkangano wonsewu. Hadi disiki yozungulira ija ndiyo imachedwetsa makina akale kuposa china chilichonse. SSD yaing'ono ya 128GB kapena 256GB, disiki yosazungulira komanso yothamanga, isintha laputopu kuposa kusamuka kuchoka pa Ubuntu kupita pa Debian. Ndalama ikakhala yokwanira chinthu chimodzi, gulani imeneyo, RAM ibwere pambuyo.

Alamu ndinawaikira Mint ya Xfce. Tinayamba takopera zithunzi zaukwati ndi mafayilo a sukulu pa disiki ina, kawiri, chifukwa zithunzi za ukwati wa mlongo wanga zikanatayika ine kumudzi sindikanapitako. Ndinayatsa Timeshift, ndinaika chizindikiro cha WhatsApp Web pa desikitopu, n'kuwauza kuti kachishango kaja azikadina akakhala pa WiFi ya kuntchito basi. Ndekha ndimagwiritsa Debian, ndipo mtima unkafuna kuwaikira yomweyo, koma ndinakumbukira kuti foni ikalira usiku woyankha ndine.

Inalira patatha masabata awiri. Ndinaitenga ndikuganiza kuti WiFi yafa kapena purinta yakana.

"Alamu, kodi masewera a makhadi aja ali pati muno?"

Ndinawauza kuti atsegule Software Manager alembe Aisleriot.