Mwana aphunzire pakhomo kapena kusukulu?

Kuno ku Nsanje ndi Chikwawa madzi akasefukira, ngati nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, makalasi amasanduka misasa ya othawa madzi. Pamenepo wophunzitsa mwana pakhomo amapambana, bola nyumba yapulumuka. Mu Okutobala amayambanso mbandakucha, dzuwa lisanayambe kuotcha. Koma tayesani kuwerengetsa "ba be bi" khanda likulira kumsana, mbuzi zalowa m'munda wa mapira, choko chonse wamng'ono wathera kujambula pakhoma!

Kusukulu ya pulayimale ya boma fizi inathetsedwa mu 1994, kwina kuli phala, ndipo mwana amapeza anzake. Vuto ndi kuchulukana: mphunzitsi mmodzi sangachonge kope la aliyense. Komabe ine ndingasankhe sukulu. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafuna silabasi yonse, ndipo kholo lobwera kudimba litatopa silingaimalize lokha.