Boti la faiba litadutsa mwera wake woyamba

Alamu anga a ku Nkhotakota anaimba foni sabata yatha kufunsa ngati nawonso akute boti lawo ndi faiba monga ndinachitira ine. Mayunitsi anawathera ndisanafike ndi pakati pomwe, ndiye ndati ndilembe, ena omwe ali ndi maganizo omwewa amvere limodzi.

Boti langali ndinakhoma ndekha ku Senga Bay: nthiti za mlombwa, thupi la plywood, kunja konse nsalu ya faiba ya magalamu 200 pa sikweya mita yonyowetsedwa ndi epoxy, guluu wamadzimadzi amene akauma amalimba gwa. Linalowa m'madzi mvula itangoyamba, laona mpoto, laonanso mwera wonse kuyambira Juni mpaka Ogasiti.

M'mbali ndi kumutu ndilibe dandaulo. Pa boti lakale lomata thonje ndi phula, mnyamata mmodzi ntchito yake inali kukapa madzi ulendo wonse. Pano chigubu chokapira chimangogona pansi pa mpando. Ndi lopepuka, injini ya mahatchi 15 imalikankha osalira, ndipo mafuta sakutha ngati kale. Penti nayenso wagwira. Epoxy sagwirizana ndi dzuwa, akakhala wosapaka amasanduka wachikasu n'kuyamba kufumbutuka, choncho ndinatsuka ndi madzi kautoto koterera kamene kamatuluka pamwamba akauma, n'kupala ndi sandipepa, kenako penti. Mpaka lero sanasendeke. Pamsana pokha, pomwe timakwekweza pa mchenga, ndi pomwe nsalu yayamba kuonekera, koma apo ndinkayembekezera, kachitsulo kakang'ono kathetsa nkhani.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi kumbuyo, pathabwa lomangirira injini.

Kuchuluka kwa epoxy anandiwerengera ndi mwini sitolo wa ku Lilongwe komwe ndinagula zonse, ndipo epoxy ameneyo anandithera kutatsala kumbuyoko ndi kachigawo ka pansi. Nditabwerera, anati epoxy kulibe, katundu sakulowa chifukwa cha foreksi. "Koma musadandaule bwana, ilipo ina, ndi yomweyomweyo, kusiyana dzina basi." Woyamba uja ndinkasakaniza makapu awiri a resin, guluu mwiniwakeyo, ku kapu imodzi ya hardener, mankhwala omuumitsa, ndipo fungo lake linali lochepa. Wachiwiriyu mankhwala ake oumitsa anabwera m'kabotolo kakang'ono kodontheza, fungo lomveka mpaka kwa aneba. Ndinafunsa. Anati ndi kampani ina chabe, onse okonza maboti akugula yomweyo. Mtengo anatsitsako pang'ono, ine n'kumathokoza.

Miyezi yoyamba kunali zii. Mwera utalimba, pomwe nsalu ziwirizi zinakumana panatuluka kamzere koyera. Ndinkapakapo penti, kamzere n'kubweranso, kakukulirakulira cha ku injini. Tsiku lina titalikokera kumtunda ndinatenga chogwirira cha sikuludiraiva n'kumagogoda. M'mbali kumamveka ngo ngo, kolimba. Kumbuyo phu phu. Nditalowetsa nsonga ya mpeni pamzere paja, nsalu inasendeka yonse ngati khungu la nthochi, kunsi kwake kosalala, kopanda ngakhale kachiphuthu ka thabwa komamatira. Madzi akuda anachucha, plywood atafewa moti chala chinkalowa pafupi ndi mabauti.

Bambo wina wokonza maboti a faiba anangonunkhiza chitini chotsala n'kuseka. Anati iyi ndi polyester, mtundu wina wa resin, osati epoxy. Si yoipa ayi, maboti a faiba yokhayokha amaumbidwa ndi yomweyo. Koma ikamauma imakhwinyata, pa thabwa sigwira kwenikweni, ndipo pamwamba pa epoxy wouma ndiye sigwira n'komwe. Epoxy pa polyester zimatheka, koma polyester pa epoxy ayi. Onjezanipo kunjenjemera kwa injini ndi mafunde a mwera, mpata watseguka. Madzi akalowa kuseri kwa faiba alibe potulukira, thabwa silionanso mphepo, ndipo madzi a nyanja yathu, opanda mchere, amaoletsa thabwa msanga kuposa a m'nyanja zamchere. Chomwe chimayenera kuteteza botilo ndi chomwe chinkasunga chinyezi.

Sabata imeneyo mukanandifunsa ndikanati faiba ndi kutaya ndalama. Boti linavundikiridwa pansi pa mtengo kudikira kuti thabwa liume, chifukwa epoxy pa thabwa lonyowa ndi ntchito yobwereza, pomwe anzanga akubwera ndi usipa m'mawa uliwonse. Ndinadula plywood woola, kuika watsopano, ndipo epoxy weniweni anachita kubwera pa basi kuchokera ku Johannesburg kudzera mwa mphwanga. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndipo tizitini tiwiri timeneti tinadya ndalama yomwe ndinasungira ukonde. Posakaniza ndinkachita pang'onopang'ono m'mbale yotakasuka, m'mamawa kusanatenthe, poti kutentha kwa kuno epoxy wochuluka m'kapu amatentha yekha n'kuuma burashi ili m'manja.

Lero mtima watsikako. Ndikagogoda m'mbali muja n'kumva kulimba kwake pambuyo pa mafunde onse aja, ndimaona kuti epoxy weniweni ndi wa ndalama yake.

Koma alamu, lanulo ndi nkhani ina. Ndi la matabwa, ndipo lakhala m'madzi zaka. Matabwa amafufuma akanyowa, amabwerera akauma, nsalu ya faiba siyenda nawo, imang'ambika m'malumikiziro. Kuti muliumitse mokwanira ndiye kuti nyengo yonse mwakhala pamtunda. Pitirizani ndi thonje ndi phula, ndalamayo musungire boti latsopano la plywood, ndipo mukadzagula muwerenge pachitini nokha, mufunse kasakanizidwe kake. Akakupatsani kabotolo kodontheza, bwezani.

Kusitolo kuja ndinapitako ndi chidutswa cha nsalu yosendeka m'jumbo. Mwiniwake anachitembenuza uku ndi uku, n'kupempha risiti. Pa risiti panalembedwa "resin" basi. Anati iye sanandiuzepo kuti ndi epoxy, anangoti imagwira ntchito yofanana, ndipo mwina thabwa langa ndi lomwe linali lonyowa. Za kubweza ndalama anakana. Anati andichotsereko pang'ono pa chitini cha penti ndikadzabweranso. Penti ndinakagula sitolo yoyandikana nayo, iye akuona.