Nyepi kapena Galungan: ulendo wa ku Bali ugwere tsiku liti?

Wofuna kuona mmene Chihindu chimalerera ana ku Bali, chilumba cha ku Indonesia, ali ndi masiku awiri oti asankhepo.

Nyepi ndi chaka chatsopano pa kalendala yachihindu ya Saka, ndipo kawirikawiri imagwa mu Malichi. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka m'mawa mwake palibe kusonkha moto, kugwira ntchito, kuyenda kapena zisangalalo. Ngakhale bwalo la ndege la Ngurah Rai limatsekedwa, alonda a m'mudzi otchedwa pecalang n'kumayendera misewu ili zii. Mwana amaphunzira kudzigwira. Koma mlendo amangobindikira muhotela. Chomwe angaone ndi cha dzulo lake, anyamata atasenza ogoh-ogoh, zidole zikuluzikulu za ziwanda.

Galungan imabwera Lachitatu pakatha masiku 210 alionse, pokumbukira kuti dharma, njira yolungama, inagonjetsa zoipa. Amati mizimu ya makolo imadzacheza mpaka tsiku la Kuningan, patapita masiku 10. Ine ndingasankhe Galungan, chifukwa maphunziro ake ali poyera. Anyamata amathandiza abambo awo kuimika penjor, nsungwi yaitali yowerama kunsonga, pamene atsikana ali pambali pa amayi awo, kuluka timadengu ta nsembe ndi masamba anthete a kokonati.