Papelaria ya pa Ulongue yomwe ikusandutsa zolemba zathu kukhala mabuku a m'foni

Abale anga olemba nthano ndi ndakatulo kuno ku Angónia, pali ka papelaria kena, kasitolo kogulitsa mapepala ndi zolembera, pa Vila Ulongue kufupi ndi pokwerera machapa opita ku Calómue, mukakaona panja mungoti nka mafotokope basi koma mkatimo muli achimwene ena amene amatenga zolemba zanu za m'kope nkuzitayipa mpaka kutuluka buku lowerengera pafoni. Ine ndinapititsako nthano zanga, ndiye ndati ndikuuzeniko mmene ndaonera ntchito yawo.

Chomwe chinandisangalatsa nchoti sangokupangirani PDF nkukuthamangitsani, amayamba akufunsani kuti anthu anu amawerengera pa chiyani. PDF ija tsamba limakhala louma momwe analiikira, pa kafoni kakang'ono umangokhalira kukoka ndi zala uku ndi uku mpaka nkhani kuiwala. EPUB ndiye ina, mawu amadziyala okha molingana ndi sikirini ndipo zilembo mutha kuzikulitsa. Amalume anga a ku Domwe maso anayamba kuwavuta kalekale koma atakulitsa zilembo anawerenga nthano yonse osapempha mdzukulu, anangodandaula kuti batire yatha kkkk. Achimwenewo amakupatsani mafayilo onse awiri, chikuto amajambula okha pa laputopu yakale yosowa batani limodzi, pepala lanu atalitsindira ndi mwala kuti fani isaliulutse. Mtengo amawerengera pa tsamba, ine sindinaone kuti andidyera.

Koma chokoma kwambiri ndi Loweruka masana. Amatulutsa mabenchi pakhonde olemba nkumakumana, aphunzitsi, ana asukulu, amayi ena olemba nyimbo za kwaya, aliyense foni m'manja kutumizirana mafayilo pa Bluetooth poopa kutha mamega, wina kuwerenga ndime mokweza enawo nkumudula pakamwa kuti apa mwathamanga, apa munthuyu sangayankhule choncho kwa apongozi ake. Ndipo musaone ngati nzachibwana. Mabuku a pakompyuta anayambanso chonchi, Michael Hart anayambitsa Project Gutenberg, laibulale ya mabuku aulere a pakompyuta, mu 1971 ku Illinois akuchita kutayipa yekha, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 olemba ena ku America ankagulitsa mabuku awo pa madisiketi ndi pa imelo, makampani akuluakulu osindikiza akuwayang'anira pansi, iwo nkumasonkhana okhaokha kulimbikitsana. Kindle, kachipangizo kowerengerapo mabuku ka kampani ya Amazon, kachita kubwera mu 2007. Ife tachedwa inde koma foni tili nazo kale m'thumba.

Tsopano zondinyansa. Kalembedwe sikakhazikika pamenepaja. Kuno ku Mozambique mabuku a Cinyanja a kusukulu amalemba c pomwe anzathu a ku Malawi amalemba ch, ndiye achimwenewo amasakaniza, tsamba lina cakudya tsamba lina chakudya buku lomwelo, pena kompyuta yawo poti ili m'Chipwitikizi imasintha mawu yokha iwo osaona. Muwauziretu mbali yomwe mukufuna ndipo musalipire yonse musanawerenge nokha mzere ndi mzere. Magetsi akathima ntchito yaima, tsiku lomwe akulonjezani muziwonjezerapo ena mumtima.

Nkhani yogulitsa ndiye imandiwawa. Iwo amati ikani nambala ya M-Pesa kapena e-Mola kutsamba loyamba, munthu akalipira mumutumizire pa WhatsApp. Chabwino, koma wagula mmodzi mawa buku lili m'gulu la mpingo, la mpira, la azimayi a banki m'khonde, aliyense kukuyamikirani kuti mwalemba bwino koma metikali osaoneka. Owerenga a ku Dedza ndi Lilongwe nawo ali ndi makwacha, mpaka mupeze wachibale wowoloka malire kuti akutengereni. Apa achimwenewo alibe yankho, amangoseka nkuti bola mwatchuka.

Ndiye ngati mukufuna ndalama zogulira fetereza wa mbatatesi musadalire bukuli. Ngati mukufuna nthano zanu zichoke m'kope momwe chiswe chikuzidya, pitani, ndipo kuli bwino muzitayipiretu pafoni panu nkuwatumizira, mtengo umatsika komanso zolakwika zimachepa. Loweruka mufike msanga, mabenchi ndi ochepa.